Ana athu ndi mafoni: akuwerenga kapena akungoyang'ana?

Ahedi Opuma: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa inu aphunzitsi amene mukadagwirabe choko. Kodi lembetso linathetsedwa m'sukulu zathu? Ndikufunsa chifukwa cha mauthenga amene ana akulemba pa gulu pano. Mwana wa Fomu 3 akulemba kuti "tlpo zkm kwmbr." Malembo a liwu anapita kuti? Ife tinkakwapulidwa chifukwa chongoiwala mpumiro kumapeto kwa chiganizo. Ana a masiku ano kulemba sadziwa, kuwerenga sadziwa, ndipo chawaononga ndi mafoni amene inu makolo mukuwagulirawa.

Yami: Kkkk agogo, koma uthengawo munaumva?

Ahedi Opuma: Ndinaumva, koma nkhani si imeneyo.

Yami: Pepani agogo, koma kufupikitsaku sitinayambe ndife. Anayamba ndi achimwene athu nthawi ya mafoni a Mose wa Lero, pamene SMS imodzi inkalola zilembo 160 basi, ukapyola pamenepo mayunitsi amadyeka kawiri. Ife tangopeza zilipo. Komanso munthu woti achotse malembo pa mawu ayenera kuyamba wadziwa kuti malembowo alipo. Wosadziwa kulemba sangafupikitse.

Nabanda: Yami wakhudza choonadi, ngakhale wathamanga nacho. Ine ndimaphunzitsa Chichewa ku sekondale yoyendera, ndipo kufupikitsaku sikundidetsa nkhawa kwenikweni. Ana ambiri amasiyanitsa. Pa foni alemba "cfukwa", pa chimangirizo alemba "chifukwa". Amene aiwala ndimawadula malikisi, sabata yotsatira asiya. Chimene chikundivuta ine ndi china. Ndikawapatsa nkhani ya masamba awiri kuti awerenge n'kuyankha mafunso, sayamba ndi nkhaniyo. Amalumphira ku mafunso, kenako n'kumasakasaka m'nkhanimo mawu ofanana ndi a mu funso, akawapeza n'kukopera chiganizo chonsecho. Funso likangofuna kuti aganize, monga lakuti n'chifukwa chiyani mfumu inakhala chete pa mlandu, pamenepo pamakhala poyera. Chifupikitso ndiye musanene, amangodula ndime yoyamba ndi yomaliza n'kuzilumikiza. Mawu amawatchula bwinobwino, koma kukhala pansi ndi nkhani yaitali mpaka kuimvetsa, n'kumene kwasowa.

Ahedi Opuma: Mwamva inu? Ndi zimene ndikunenazo.

Madamu Nangozo: Ahedi, ndiloleni ndilowepo, chifukwa mukaweruza mlanduwu popanda ife a ku pulayimale mupachika wosalakwa. Ine ndili ndi Sitandade 3 kuno kumudzi. Ana ndi opitirira 100 m'kalasi imodzi, akhala pansi mpaka pakhomo. Mwa ana amenewa palibe ndi mmodzi yemwe ali ndi foni. Kwawo ikapezeka ndi ya mabatani, ndipo imayenda ndi bambo m'thumba. TikTok sanaionepo. Koma ndikalemba pa bolodi kuti "mwana wagona pa mphasa", amene angawerenge okha popanda kutsatira anzawo ndi ochepa zedi. Enawo amangoimba nawo. Mukaloza mawu a pakati musanayambe a koyamba, ziii. Tsono amenewa yawaononga ndi foni iti?

Madamu Nangozo: Ndipo si sukulu yathu yokha. Kafukufuku wa MICS amene a National Statistical Office anachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, amene ankatha kuwerenga kankhani kakafupi n'kuyankha mafunso ake anali pafupifupi mmodzi pa asanu alionse. Ana ambiri a m'dziko muno ali kumudzi kopanda magetsi. Vuto lathu linayamba intaneti isanafike.

Malume a ku Joni: Madamu mwalasa.

Ahedi Opuma: Komabe nthawi yathu mwana wa Sitandade 3 ankawerenga kalata.

Madamu Nangozo: Ankawerengadi Ahedi, koma anali angati m'kalasimo? Nthawi yanu sukulu inali yolipira. Wopanda fizi ankatsala kubusa, ndipo palibe amene ankamuwerengera m'gulu la olephera. Mu 1994 boma la a Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anali omwewo, mabuku omwewo. Analemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyi, n'kuwaphunzitsa ali kale m'kalasi. Inu mukuyerekeza ana osankhika a nthawi yanu ndi ana a mudzi wonse a lero.

Ahedi Opuma: Chaka chimenecho ndinali pa mpando, ndikuchikumbuka bwino. Tinaphunzitsira pansi pa mitengo ya mango, bolodi titaliyedzeka pa thunthu, mvula ikabwera sukulu yatha. Pamenepo sinditsutsa. Koma musandiuze kuti mafoni ndi osalakwa.

Nabanda: Palibe wanena kuti ndi osalakwa. Tikungoti pali mavuto awiri, ndipo tisawasakanize. La a Madamu ndi la mwana amene sanagwire maliwu ndi maphatikizo. Langa ndi la mwana amene anagwira, koma sapirira pa tsamba.

Malume a ku Joni: Ine ndiyankhuleko ngati munthu wa kutali. Bambo athu ali ku migodi ankalemba kalata, imayenda milungu, n'kudzafikira ku bokosi la mishoni. Mayi sankadziwa kuwerenga, ndiye ankaitana ine. Ndinkakhala pa khonde, iwo ali pambali, ndikuwerenga mawu amodziamodzi, pena ndikudumpha zimene ndaona kuti si za ana. Kenako amandiuza zoyankha, ine n'kumalemba pa pepala long'amba pakati pa kope. Kuwerenga ndinakuphunzirira pamenepo kuposa m'kalasi, chifukwa pakhomo pankafunika munthu wodziwa. Lero ine ndili kuno, ndikafuna kuyankhula ndi akumudzi ndimangodina n'kuyankhula, iwonso chimodzimodzi. N'zabwino, sindinama, mawu a mayi ndikuwamva tsiku lililonse. Koma ntchito ija ya mwana wowerenga kalata inatha, ndipo palibe ina imene inalowa m'malo mwake.

Azakhali Nasoko: (uthenga wa mawu)

Yami: Kwa amene mulibe bandulo yotsegulira, azakhali akuti tisamanyoze ma voice note. Akuti iwo sukulu analekezera Sitandade 2, ya kwacha anayamba koma inatha aphunzitsi atasiya, ndipo pa gulu pano akhala akungoona zilembo zikudutsa mpaka mdzukulu atabwera kudzawawerengera. Akuti chiyambireni ma voice note amagulitsa nyemba zawo kwa anthu a ku Lilongwe popanda mkhalapakati wowadyera. Akutinso Ahedi azilemba mwachidule kkkk.

Ahedi Opuma: Auze kuti ndamva.

Mayi a Tadala: Koma azakhali anena mfundo imene ikundiopsa. Ngati munthu angagule, kugulitsa, kucheza, kumva ulaliki ndi nkhani za mpira osawerenga ngakhale chilembo, mwana adzaona chifukwa chanji chovutikira? Kale kusadziwa kuwerenga kunkapweteka tsiku lililonse. Pano kumabisika.

Chims wa pa Shopu: Sikubisika mayi, kumangodikira tsiku lake. Ine ndili pa bokosi la ndalama za pa foni pano pa trading, ndimatchajanso mafoni ndi kuika nyimbo mu memory card. Amene amaberedwa ndimawaona. Uthenga ubwera woti mwalandira ndalama, kenako wina aimba akulira kuti watumiza molakwika, mubweze. Wodziwa kuwerenga amayang'ana kuti uthengawo wachokera pa nambala ya munthu wamba, osati ku kampani, n'kuona balansi. Wosadziwa amangoona manambala ndi K, basi wabweza ndalama zake zomwe. Ena amandipatsa foni ndi PIN yomwe kuti ndiwatapire, ine ndikanakhala wakuba bwenzi nditamanga ya malata. Ndipo si agogo okha ayi. Anyamata a zaka 17, 18, oti foni amaiyendetsa mwaukadaulo, zala zili wakawaka, koma muwapatse uthenga wa Chingerezi wa mizere itatu, akupatsirani foni kuti tawerenga aise.

Nabanda: Zala zimanamiza anthu ambiri. Makolo akaona mwana akuthamangitsa chala pa foni amati ndi dolo wa kompyuta.

Chims wa pa Shopu: Eeh. Komanso tikamati intaneti tizinena zoona. Ana ambiri kuno sagula bandulo yotsegula paliponse. Amagula ya WhatsApp kapena Facebook ya tsiku limodzi, yotchipa ija. Ukawatumizira link sitseguka. Ndiye intaneti yawo ndi magulu, ma status ndi masamba a miseche. Google ena sanailowepo. Mafilimu ndi nyimbo amadzatenga kwa ine kapena amapatsirana okhaokha popanda data. Ndalama ikatsala, ndi ya kandege, masewera obetcha a pa foni aja.

Malume a ku Joni: Kandege kameneka kafika mpaka kumudzi?

Chims wa pa Shopu: Malume, kanafika kalekale. Lamulo limati wosakwana zaka 18 asabetche, koma amalembetsa ndi nambala ya achimwene awo. Ndaonapo mwana wa yunifolomu akuika ndalama ya mayeso.

Yami: Achimwene a Chims, mwanena zoipa zokhazokha. Tanenani kuti kukonza mafoni munaphunzira kuti.

Chims wa pa Shopu: Kkkk wandigwira. Pa YouTube. Kusintha screen, kuwotcherera charging system, zonse. Amwenye amene amaphunzitsawo chiyankhulo chawo sindimva, ndimangoyang'ana manja. Koma ndikafika pofufuza nambala ya kachipangizo kapena kuwerenga chithunzi cha mawaya, pamenepo ndi Fomu 4 yanga imene imandipulumutsa. Anzanga amene analekeza ku pulayimale amathera pa kusintha screen basi.

Madamu Nangozo: Mwamva zimene wanena Chims? Foni imamutengera munthu kutali ngati wafika nayo akudziwa kale kuwerenga. Wosadziwa imamusiya pomwe inamupeza, n'kumuwonjezera nyimbo ndi kandege. Ana awiri a mudzi umodzi, foni yofanana, pakatha zaka zisanu wina ali ndi ntchito ya m'manja, wina ali ndi ngongole.

Mayi a Tadala: Ine ndili ndi vuto la mtundu wina, la ife a m'tauni. Tadala ali Sitandade 6 ku pulayiveti. Chingerezi amayankhula cha m'mphuno, chophunzira ku makatuni, alendo akabwera amachita kuombera m'manja. Koma tsiku lina ku Sande sukulu anamupatsa ndime ya Chichewa kuti awerenge, ndinachita kuzolika ndi manyazi. Ankadodoma ngati akuwerenga chiyankhulo cha eni. Ndipo Chingerezi chomwecho, ndikamupatsa buku la nthano, masamba atatu wayamba kuyasamula. Homuweki ndiye amangofunsa Meta AI, makina oyankha mafunso aja, mu WhatsApp yanga. Ndinadzazindikira nditaona kuti wandilembera za ulimi wa chimanga koma mukutchulidwa miyezi yodzala ya maiko ena.

Nabanda: Mayi a Tadala, zimenezo zafikanso ku sekondale, makamaka kuyambira 2024 pamene chinthucho chinalowa mu WhatsApp momwemo, chosafuna kutsitsa pulogalamu ina. Chimangirizo cha Chingerezi chochitira kunyumba chimabwera chosalala, mawu akuluakulu oti mwiniwake sangawatchule. Mnzanga wa Chingerezi anasiya kupereka ntchito yolembera kunyumba, onse amalembera m'kalasi iye ali pomwepo. Ine wa Chichewa ndikadapumako, chifukwa makinawa akalemba Chichewa amadziulula okha. Mwambi amaumasulira mawu ndi mawu, agwirizanitsi amasokonekera, "ng'ombe" imatenga "a" ngati munthu. Koma ndikudziwa kuti mpumulo wangawu ndi wa kanthawi.

Yami: Anti, ife kuno ku koleji timagwiritsa ntchito tonse, ngakhale ma lecturer. Musayembekeze kuti tisiya. Laibulale ili ndi buku limodzi ana 200, lina lake la 1980 chakuti. Popanda ma PDF a pa magulu ambirife sitikanakhoza. Ine ndimawerenga kwambiri kuposa mmene agogo akuganizira, kungoti sindigwira pepala.

Ahedi Opuma: Ndi liti pamene unamaliza buku lonse, kuyambira chikuto mpaka chikuto, losakhala la mayeso?

Yami: Agogo mwabwera ndi nkhondo kkkk.

Ahedi Opuma: Yankha mdzukulu wanga.

Yami: Lakhala kale. Koma mundiuze kuti ndikalipeze kuti. Kwathu kuno laibulale ya National Library Service ili kuboma, thiransipoti yake ndi bandulo ya mwezi. Mashopu a mabuku amene atsala amagulitsa a silabasi ndi Mabaibulo. Inu munali ndi Moni, munali ndi Boma Lathu, munali ndi timabuku ta nthano totchipa timene munkabwerekana mpaka kuthothoka. Ife munatisiyira chiyani? Timawerenga zimene zilipo. Pa Facebook pali anthu amene amalemba nkhani zopeka za Chichewa zigawozigawo, usiku uliwonse gawo limodzi, ndipo atsikana a ku hostel kuno sagona asanawerenge. Gawo likachedwa amachita kutukwana mlembi mu ma comment.

Nabanda: Zimenezo ndimazidziwa, ndinawerengako. Zambiri ndi za chikondi ndi apongozi oipa, kalembedwe kake kosasamala, palibe mkonzi. Koma ndivomere kuti ana anga amene amazitsatira ndi amenenso amalemba chimangirizo chamoyo, chokhala ndi anthu oyankhulana. Njala ya nkhani ilipo. Chakudya chake ndicho chaperewera.

Malume a ku Joni: Kuno ana a anzathu amapeza zambiri za Chizulu pa TV ndi pa intaneti. Za Chichewa mwana wanga akafufuza amapeza nyimbo, maulaliki ndi nthabwala. Wikipedia ya Chichewa ilipo koma ndi kakang'ono, nkhani zambiri ndi mizere iwiri. Google Translate inaika Chichewa mu 2014, koma kumasulira si kulemba. Mwana wofuna kudziwa mmene magetsi a sola amagwirira ntchito, m'chiyankhulo chake, apita kuti?

Madamu Nangozo: Ndiye muonjezerepo kusinthasintha kwa malamulo. Mu 1996 anati ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linabwera n'kunena kuti Chingerezi. Ife m'kalasi timangochita zotheka, chifukwa mwana wa zaka 6 amene Chingerezi sanachimvepo simungamuphunzitse masamu m'Chingerezi. Mu 2016 kunabwera National Reading Programme, mabuku atsopano, maphunziro a aphunzitsi ku TDC (malo ophunzitsira aphunzitsi a m'zoni), njira ya maliwu. Njirayo ndi yabwino, ine ndimaikhulupirira. Koma imafuna kuti mphunzitsi amve mwana aliyense akutchula. Ana 100, mphindi 30 kapena 60, mumva angati? Mabuku aja anang'ambika, ena ana anapita nawo kwawo n'kukulungira zitumbuwa.

Mayi a Tadala: Nanga matabuleti aja tinamva pa wailesi?

Madamu Nangozo: Ndi a BEFIT amenewo, anayamba mu 2023, boma pamodzi ndi a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Cholinga chake n'choti afike m'sukulu zonse za boma, Sitandade 1 mpaka 4. Kwathu sanafike, koma ndinakaona ku sukulu ina ya m'zoni yathu. Amabwera ndi sola ndi kabati yachitsulo yotchajiramo. Mwana aliyense atenga yake, avala zam'makutu, ndipo mawu a Chichewa amamutsogolera: dina apa, tsatira chilembo ndi chala, tchula. Akalakwa imamubweza osamukalipira, anzake osamuseka. Chinandidabwitsa ndi bata. Kalasi ya Sitandade 2 yonse phee, mumangomva timawu ta "ma, me, mi" uku ndi uku. Kamtsikana kena kanali pakona, kovala malaya a mkulu wake, kakutsatira chilembo "g" ndi chala mobwerezabwereza, lilime lili panja. Aphunzitsi ake anandinong'oneza kuti m'kalasi wamba sikanayankhulepo chiyambire teremu.

Ahedi Opuma: Ndiye kuti aphunzitsi ntchito yatha?

Madamu Nangozo: Ayi Ahedi. Tabuleti ndi ya kanthawi kochepa pa tsiku, ndipo ilibe intaneti yoti mwana n'kusochera. Imachita chinthu chimodzi chimene ine sindingathe, kukhala ndi mwana mmodzi payekha. Koma siidziwa kuti mwanayo wabwera osadya, siipita kwa makolo akajomba. Nkhawa yanga ndi ya mawa. Zikayamba kufa, mabatire akatha, wogula zina ndani? Taona zinthu zambiri zobwera ndi ma pulojekiti zikuthera mu sitolo ya ahedi. Thandizo la USAID limene linkagwira mapulogalamu a kuwerenga linaima mu 2025 tikuona.

Ahedi Opuma: Mu sitolo ya ahedi mwati? Ine ndinasiyamo mawailesi opukusa aja.

Yami: Kkkkk agogo aulula okha.

Nabanda: Mwatchula wailesi mwandikumbutsa 2020. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, ankati ana aziphunzira pa intaneti. Ana a m'sukulu zodula anapitirizadi. A kwathu kuno chimene chinawafikako ndi maphunziro a pa wailesi, nawonso kwa amene anali ndi mabatire. Titatsegula, mabenchi ena a atsikana anali opanda anthu, ena ali ndi pakati, ena akwatiwa. Chaka chomwecho mayeso a MSCE anabedwa, mapepala ankayenda pa WhatsApp, mpaka anawaimitsa mu Novembala n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Ndiye chaka chimodzi chinationetsa zonse ziwiri: intaneti inalephera kufikitsa phunziro kwa mwana wa kumudzi, koma likasa inalifikitsa dziko lonse usiku umodzi.

Malume a ku Joni: Komatu pa nkhani yokhulupirira zabodza tisanamizire ana. Pa gulu pano amene amatumiza mauthenga oti mukamwa chakutichakuti shuga atha, kapena tumizani kwa anthu 10 mulandire bandulo yaulere, ndi ife akuluakulu.

Yami: Malume mwanena ndinu, ine ndikanatchedwa wamwano. Nthawi ya katemera ndi ife amene tinkalimbana ndi makolo. Ma voice note ankayenda oti ukabayitsa sudzabereka, ena amati ndi 666. Mu Meyi 2021 boma linawotcha katemera wopitirira 19,000 atapyola masiku ake. Ena anabwera atatsala pang'ono kutha mphamvu, inde, koma mantha aja anathandizira.

Ahedi Opuma: Mphekesera sizinabwere ndi foni. Za anamapopa tinazimva tili anyamata, zinabweranso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa. Zimenezo zinkayenda pakamwa.

Nabanda: Ndi zoona, koma ana nawonso ali ndi zawo zimene amameza. Sakhulupirira za 666, koma amakhulupirira mnyamata wojambulitsa atatsamira galimoto ya eni akuti walemera ndi forex. Amakhulupirira ntchito za kunja zofuna kulipira kaye. Taonani atsikana athu amene anakavutika ku Oman, ambiri anakopedwa ndi ma ejenti pa foni pomwepa. Kufunsa kuti walemba ndani, akufuna chiyani kwa ine, umboni wake uli kuti, ndi luso lomwe lija la kumvetsa nkhani limene ndimalira nalo m'kalasi. Mwana wongosaka mawu ofanana ndi funso ndi yemweyo amene adzawerenge kontirakiti n'kuona malipiro okha.

Mayi a Tadala: Pa atsikana pomwepo. Kumudzi foni ikakhala imodzi amagwira ndi mnyamata, mtsikana akapezeka nayo funso loyamba ndi lakuti wakugulira ndani. Ndiye amatsalira. Akaipeza, ayamba kuvutitsidwa ku inbox ndi azibambo a msinkhu wa bambo ake. Zithunzi zikatuluka wonyozedwa ndi iye, wofalitsayo anthu akumupempha kuti atumize.

Chims wa pa Shopu: Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, kufalitsa zotere ndi mlandu. Koma ana sadziwa, makolonso sadziwa. Amabwera kwa ine kuti ndifufute, ine ndingafufute bwanji chinthu chili m'mafoni a anthu 500?

Ahedi Opuma: Ine ndimakonda kuwauza ana za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Anasiya sekondale nthawi ya njala ya 2002 chifukwa cha fizi, n'kumapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale. Chingerezi chinkamuvuta, ankatsatira zithunzi ndi kufunsa matanthauzo, mpaka anapanga makina a mphepo opatsa magetsi. Intaneti anadzaiona koyamba mu 2007, makinawo atazungulira kale. Akanakhala ndi foni ya masiku ano, mwina bwenzi ali pa kandege.

Yami: Kapena bwenzi atamanga makina khumi m'malo mwa amodzi, agogo. Iye mwini atauona Google anadandaula kuti sanaudziwe kale.

Madamu Nangozo: Nonse mukhoza kukhala olondola, chifukwa mnyamatayo anafika pa shelefu akudziwa kale maphatikizo. Ndi pamene ine ndaima. Mwana akadutsa Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga, Sitandade 5 zonse zili m'Chingerezi, amangokhala m'kalasi ngati mlendo, kubwereza, kenako kusiya. Ameneyo mumupatse buku kapena intaneti ya Starlink, zonse zamudutsa.

Mayi a Tadala: Ndiye ine nditani naye Tadala? Ndimulande?

Nabanda: Mukamulanda akagwira ya mnzake, kumene inu kulibe. Ine kwanga foni sigona kuchipinda kwa ana. Ndipo ndimawawerengetsa mokweza, Tikambe kapena Tamvani ndikagula nyuzi, kenako ndiwafunse kuti nkhaniyo ikuti chiyani, nyuziyo nditaipinda. Akafunsa makina aja, ndimati chabwino, tsopano tseka undifotokozere ndi pakamwa pako. Akalephera ndiye kuti homuweki sinachitike.

Mayi a Tadala: Vuto ndi loti ine ndemwe ndikaweruka ndimakhala pa foni mpaka tulo. Bambo akenso ndi mpira.

Ahedi Opuma: Mbuzi ikakhala ya mano kunsi, mwana wake sangakhale ndi a kumwamba.

Chims wa pa Shopu: Komanso mitengo ikuthandizani kulanda. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, foni ya touch yotsikitsitsa yakhala yosagwirika. Anthu akubweretsa zakufa kuti ndidzutse. Ana ambiri amene mukuwadera nkhawa kuti aonongeka ndi intaneti, kuno akungoimva kwa anzawo.

Azakhali Nasoko: (uthenga wa mawu)

Yami: Azakhali akufunsa a Madamu. Akuti mdzukulu wawo wamng'ono uja ali Sitandade 3 kachiwiri, dzina lake amalemba koma china chilichonse ayi. Akuti iwo sangamuthandize chifukwa nawonso sadziwa. Akufunsa ngati kugulitsa mbuzi n'kumugulira foni kungathandize, poti amva kuti muli maphunziro.

Madamu Nangozo: Azakhali, mbuziyo isiyeni m'khola. Yami, uwawerengere bwinobwino izi. Mwanayo abwere kwathu Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka, pali anzake ena amene ndimakhala nawo pa khonde. Abwere ndi kope ndi pensulo, china ayi. Ndiyamba ndamuyesa ndione ngati vuto ndi maliwu kapena maso, chifukwa ena timawatcha mbuli pamene bolodi saliona. Kunyumba, mchemwali wake wa Sitandade 7 uja azimuwerengetsa dzuwa lisanalowe, mapaketi a shuga, thumba la feteleza, buku la nyimbo, chilichonse cholembedwa. Inu muzikhala pomwepo muzimvetsera, ngakhale simukudziwa ngati akulondola. Ana amalimbikira akaona kuti wamkulu akudikira kumva.

Azakhali Nasoko: (uthenga wa mawu)

Yami: Akuti abwera naye okha Lachiwiri, ndipo akufunsa ngati pa khondepo pali malo a munthu wamkulu.

Madamu Nangozo: Alipo. Abwere ndi kope lawolawo, asadzalimbirane ndi mwana.